Dothi la Abiti Maliki

Dzina lawo lenileni ndi Rukiya, koma ku Marlboro, kuno ku Joni, palibe ankawaitana choncho. Tonse tinkati Abiti Maliki, monga ankaitanidwira kwawo ku Ntaja. Anali mayi wamfupi, wamanja akuluakulu ngati a mwamuna, wosakonda kuseka pagulu. Anafika ku Joni mu 1995 kutsatira amuna awo, a Binali, atatenga mwana wawo mmodzi yekhayo, Munira, amene panthawiyo anali asanathe msinkhu. Ine ndinakhala nawo khomo ndi khomo m'fakitale yakale ya mipando imene eni ake anaithawa, ife n'kuigawagawa ndi malata ndi makatoni. Ukatsokomola kwako, mnzako kuseri ankati pepani.

A Binali ankagwira ntchito kwa Che Harun, munthu wa ku Mangochi amene anabwera kale nthawi ya migodi, osabwereranso. Che Harun anali ndi yadi kumapeto kwa mafakitale, mbali ya ku Alexandra, kumene tinkangoti ku Alex. Ankagula mabatire akutha a galimoto, antchito n'kumawaswa ndi nkhwangwa, kukhuthula asidi, kutulutsa mtovu wa m'kati ndi kuusungunula pa ng'anjo. Kwa ife a kumudzi, Che Harun anali mthunzi wathu. Mlendo akatsika basi alibe pogona, tinkamuperekeza kwa iwo. Wina akamwalira, ndiwo ankathamangathamanga kuti mtembo upite kumudzi. Ku mzikiti wa ku Jeppe ankakhala mzere wakutsogolo.

Kwawo Abiti Maliki ankaumba miphika. Ku Joni ndani angagule mphika wadothi? Koma dongo ankalidziwa, ndipo sanachedwe kuona kuti amayi oyembekezera a kuno amalakalaka dothi chimodzimodzi ndi a kwathu. Tsiku lina akutola nkhuni m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei, anapeza malo pamene ngalande ina yochokera ku mafakitale imathira mumtsinjemo. Pamenepo panali matope otuwa, osalala, opanda mchenga. Anakumba, kuwayanika padenga, kuwotcha pambaula, n'kumanga m'timapepala ta pulasitiki. Ankagulitsa pa renki ya mathakisi ku Alex. Malonda anayenda. Azimayi Achizulu ankabwera kuchokera kutali kudzafuna dothi la "mama wase Malawi". Ankati silikhala ngati la ena, limatsekemera pang'ono kumapeto kwa lilime.

A Binali ndiwo anayamba kudwala. Poyamba kunali kupotokola kwa m'mimba, kenako nkhama zinada, kenako manja anayamba kulendewera ngati a munthu wopempha, moti kapu ya tiyi inkawapulumuka. Munthu wofatsa uja anasanduka wolusa. Tsiku lina anamenya Munira chifukwa cha sopo, iwo eni n'kukhala pansi kulira. Ena ankati awalodza a kumudzi chifukwa chomanga nyumba ya malata. Ena ankanong'ona za matenda aja anali atatimaliza zaka zimenezo. Anamwalira mu 2000. Che Harun ananyamula zonse za maliro, ndipo Abiti Maliki anakagwada pamaso pawo kuthokoza, mutu mpaka pansi. Ine ndinalipo.

Munira anakwatiwa ndi Sidi, mnyamata wosoka zovala ku Jeppe. Atatenga pathupi, mayi ake ankamusankhira dothi labwino kwambiri, lapansi penipeni, ndi kumuwotchera payekha. Pathupi poyamba panapita padera. Pachiwiri panabadwa mwana wamkazi, anamutcha Asiyatu. Anali wokongola, wamaso aakulu. Koma anzake atayamba kuthamanga, iye anali akadakwawa. Anzake atayamba kutukwana m'Chizulu, iye ngakhale "amama" sanatchule. Nthawi zina ankangouma thupi, maso n'kutembenuka.

Mu 2004 Munira anagona naye m'chipatala, ine ndi Abiti Maliki tikumakawazonda. Kumeneko kunali mayi wina wothandiza anamwino, dzina lake Mwaka, wa ku Chipata, amene tinkamvana naye chilankhulo. Ndiye anamasulira zimene adokotala ananena.

"Amayi, akuti magazi a mwanayu ali ndi mtovu wambiri. A mayi ake nawonso. Kodi kwanu kuli wogwira ntchito ya mabatire kapena penti?"

"Analipo bambo ake a Munira, koma anatisiya mwanayu asanabadwe," anayankha Abiti Maliki.

"Nanga Munira ali woyembekezera ankadya chiyani chachilendo?"

Munira anayang'ana mayi ake. Abiti Maliki anamasula kansalu ka m'chiuno n'kutulutsa kapepala kamodzi ka malonda awo. Mwaka anakatenga, kupita nako m'kati. Patapita masabata angapo anatiitana. Sanazungulire. Anati dothilo ndi poizoni, lili ndi mtovu ndi zitsulo zina zimene sizichoka m'thupi msanga, ndipo zimene zinawonongeka m'mutu mwa mwana sizidzabwerera.

Tinabwerera pa thakisi. Titatsika, Abiti Maliki sanalowere kunyumba. Anatsikira kumtsinje, ine ndili pambuyo, mpaka pa dzenje lawo lija. Kenako anakwinya chitenje n'kulowa m'ngalandemo, kuyenda chokwera. Zaka zonsezo anali asanadzifunsepo kumene ngalandeyo imachokera. Inadutsa pansi pa msewu, kuseri kwa fakitale ya matayala, n'kukathera pa mpanda wa njerwa. Pansi pa mpandawo panali paipi, ikudontha madzi otuwa, ndipo udzu wonse pozungulira unali wopserera. Kuseri kwa mpanda tinkamva nkhwangwa zikuswa mabatire.

Analowa pageti matope ali m'miyendo. Che Harun anali pa mpando panja pa ofesi, akusenda lalanje.

"Abiti Maliki, kwagwanji? Mwana ali bwanji?"

"Che Harun, madzi a m'yadi muno amapita kuti?"

Anaseka pang'ono. "Amapita kumene madzi onse amapita. Jukskei amatenga, kupatsira mitsinje ina, mpaka Limpopo, mpaka nyanja yamchere ku Mozambiki. Nyanja ndi yaikulu, mayi. Imameza zonse."

"Madziwo amapitadi. Nanga matope? Matope amatsala pompano. Ndi amene ndadyetsa mwana wanga."

Anawafotokozera za kuchipatala. Che Harun anapukuta mpeni pa thalauza, nati, "Pepani kwambiri. Koma ndani anakutumani kudya dothi? Ine ndimagulitsa mtovu, sindigulitsa chakudya."

Mwina zikanathera pomwepo, chifukwa mawu amenewo anawalasa pamene panali popweteka kale. Koma tikutuluka, mlonda wa pageti, bambo wachikulire wa ku Zambia dzina lake Chibwe, anatitsatira mpaka pakona.

"Amayi, ine ndakhala pano kalekale. Abwana ankakuonani mukukumba. Ankaima pamwamba pa mulu wa mabatire n'kumakuonani. Akazi awo ali ndi pathupi pa mwana wotsiriza uja anatuma munthu kudzagula dothi lanu, abwana anawalanda n'kulitaya m'chimbudzi. Anati m'nyumba mwawo lisadzalowenso. Ana awo aamuna, munawaonapo atagwira nkhwangwa muno?"

Ndinaona nkhope ya Abiti Maliki ikusintha. Sanalire. Anangoti, "Ndinawagwadira anthu amenewa."

Chimene anayamba nacho sindikanachitha ine. Anayenda m'Alex monse, khomo ndi khomo, kufunafuna amayi amene anawagulitsapo dothi. Ndi Chizulu chawo chothyokathyoka ankawauza kuti atengere ana kuchipatala akayezedwe magazi. Ena anawathokoza. Wina anawalavulira kumaso n'kuwatcha kwerekwere wakupha ana, dzina limene eni dziko amanyozera nalo alendo. Wina anawamenya ndi chitsulo cha mopu mpaka chala chinathyoka, ndipo chinapola chokhota. Iwo sanabwezere. Ankati, "Menyani, ndi zoona. Mukatha, ndikakusonyezeni kumene zinachokera." Amene ankavomera, ankawatsogolera m'ngalande muja mpaka pa paipi.

Anthu a kwathu sanakondwere nazo. Akuluakulu anabwera kudzawakhazika pansi. Anati nkhani za pachibale sizipita kwa eni dziko, ambiri mwa antchito a m'yadimo alibe mapepala, apolisi akabwera adzatengedwa ndi ana a anthu osalakwa. Anati Che Harun avomera kuthandiza mwanayo mwezi ndi mwezi.

"Akathandize a Binali kumanda," anayankha. "Mukawauze kuti ine sindikufuna kanthu kawo. Ndikufuna dzina lawo linunkhe ngati ngalande yawo."

Sidi, mkamwini uja, ankasoka m'chipinda cha Che Harun ku Jeppe. Atauzidwa kuti asankhe, anasankha makina ake. Anamusiya Munira.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho, mwana wamwamuna woyamba wa Che Harun anakwatira. Phwando linali muholo ina ku Jeppe, Lamlungu masana. Anapha ng'ombe, anaphika mpunga m'mapoto akuluakulu oti munthu n'kukhalamo. Amalawi a ku Joni konse anabwera, ena kuchokera ku Durban. Abiti Maliki sanaitanidwe. M'mawa wake ndinawaona akusita chitenje chawo chatsopano, atavala mpango woyera. Pakhomo panali zidebe ziwiri zovundikira.

"Achemwali, mundinyamulireko chimodzi," anatero.

"Muli chiyani?"

"Mphatso."

Ndinadziwa, koma ndinanyamula. Pakhomo la holo palibe anatiletsa, poti amayi ambiri ankalowa ndi zidebe za thobwa. Iwo anapita molunjika kugome la akuluakulu, kumene Che Harun anakhala ndi ashehe ndi abale a mkwatibwi. Anatenga mbale yoyera pagomepo, kuvundukula chidebe, kutapa matope otuwa ndi dzanja n'kuwaika bwinobwino pambale. Kenako anagwada monga amachitira mayi waulemu popereka chakudya.

"Che Harun, idyani."

Anthu onse anatembenukira kugomelo, Abiti Maliki n'kupitiriza.

"Idyani, bambo. Munira wadya zaka ziwiri. Asiyatu anadyera m'mimba. A Binali anapuma utsi wake mpaka manja anafa. Inu simunalaweko. Akuti n'lotsekemera."

"Mutulutseni wamisalayu," anatero Che Harun, koma mawu anatuluka aang'ono.

"Ngati lilibe kanthu, nyambitani chala chimodzi chokha pamaso pa ashehe, ine ndipita kwathu ku Ntaja mawa, simudzandionanso. Kapena tipatse mkwatibwiyu, poti posachedwa adzalifuna."

Mayi ake a mkwatibwi anakuwa n'kumukumbatira mwana wawo. Amuna awiri anawagwira Abiti Maliki m'mapewa, koma manja oumba aja anali ndi mphamvu. Anapulumuka, kulanda chidebe chimene ndinanyamula ine, kuthamangira kuseri kumene kunali mapoto, n'kukhuthulira matope mumpunga, poto ndi poto, mpaka chidebe chinatha. Anthu mazana anabwerera kwawo ndi njala tsiku limenelo, ndipo aliyense pofika kunyumba anafunsidwa chifukwa chake. Pofika Lachisanu nkhani inali itamveka mpaka ku Mangochi.

Ambiri anawada chifukwa cha mpungawo. Ankati kuwononga chakudya ndi tchimo, ndipo mkwatibwi analakwanji? Kunyumba kwathu ena anasiya kuwapatsa moni. Ine ndemwe ndinawafunsa ngati sanapyole muyeso.

"Ndapyola," anavomera. "Ndipo sindinathe."

Amayi a ku Alex aja ndiwo anapititsa nkhani kwa akuluakulu a mzinda, poti iwo anali ndi mapepala ndi pakamwa. Kunabwera anthu ovala magolovesi ndi majombo, kutapa matope m'timabotolo kuyambira pa paipi mpaka kumunsi kwa mlatho. Mu 2005 yadi inatsekedwa ndi unyolo. Zimene akuluakulu ankaopa zinachitikadi: antchito asanu anatengedwa n'kubwezedwa kumudzi, mmodzi anasiya mkazi ndi khanda. Mkaziyo anabwera kudzatukwana pakhomo pa Abiti Maliki tsiku lonse. Iwo anakhala m'kati, kumvetsera, ndipo madzulo anamutumizira ufa ndi mafuta. Koma sananene kuti pepani.

Che Harun sanamangidwe. Anagulitsa zimene anagulitsa n'kusamukira ku Cosmo City, kumene nyumba zatsopano zinali kumangidwa, kutali ndi ife. Ankaganiza kuti kumeneko adzayamba moyo wina. Abiti Maliki, amene tsopano ankagulitsa mandasi ndi tomato, anafufuza mpaka anapeza mzikiti umene Che Harun ankaswalirako. Lachisanu lililonse ankatseka malonda, kubereka Asiyatu, kukwera mathakisi awiri, n'kukakhala tsidya la msewu moyang'anana ndi khomo. Sankanyamula chikwangwani, sankakuwa. Anthu akamatuluka, iwo ankangomuimiritsa mwanayo, miyendo yake ikunjenjemera, n'kunena mokweza bwino, "Asiyatu, apatse moni Che Harun." Mwanayo sankatha kulankhula, ankangomwetulira, dovu likutsika. Wina akafunsa kuti nkhani n'chiyani, ankamufotokozera modekha kuyambira pachiyambi.

Mvula, dzuwa, chisanu cha mu Juni, iwo ali pomwepo. Che Harun anayamba kutulukira khomo lakuseri. Kenako anachoka mzere wakutsogolo. Kenako anasiya kubwera.

Munira sanapirire nazo. Anawauza mayi ake kuti asiye kumuyendetsa mwana ngati chionetsero. Anakangana koopsa, ine ndikumva kuseri kwa malata.

"Amama, mukuti mukulanga Che Harun, koma amene akuzizidwa pamsewu ndi mwana wanga."

"Ndiye ndikhale pansi? Ndiiwale?"

"Amene anandipatsa dothi m'manja si Che Harun."

Kuyambira tsiku limenelo Abiti Maliki ankapita okha ku Cosmo City, ndipo mayi ndi mwana ankalankhulana zofunika zokhazokha. Chaka chotsatira Munira anapeza ntchito ya m'nyumba ku Pretoria, ankabwera kamodzi pamwezi. Asiyatu anatsala ndi agogo ake, amene ankamusambitsa, kumudyetsa ndi supuni, ndi kumuimbira nyimbo Zachiyao.

Mu 2007, mwezi wa Ramadani uli pafupi, kunabwera akazi a Che Harun ku fakitale yathu. Mayi amene kale sankaponda kwathu anadutsa m'tinjira tonunkha mikodzo, nagwada pakhomo la malata. Anati abambo impso zawo zaleka kugwira ntchito, adokotala anena kuti masiku atha. Nawonso utsi wa ng'anjo yawo unali utawadya m'kati zaka zonsezo. Akupempha kuti Abiti Maliki abwere.

Tinapita limodzi, masana. Che Harun anali atatupa nkhope, manja ali lende pabulangete, ndendende a Binali. Ashehe anali pambali. Atationa, Che Harun anayesa kudzuka.

"Abiti Maliki, ndikupita. Ndinakulakwirani. Ndinkaona, sindinanene. Ndinkaopa kuti mukadziwa inu adziwa onse. Ndikhululukireni, ndisapite ndi katunduyu."

Ashehe anawonjeza kuti Mulungu amakonda okhululuka, ndipo wokhululukira mnzake naye adzakhululukidwa zake. Ndinaona kuti mawu omalizawo anawafika Abiti Maliki. Anayang'ana manja a wodwalayo nthawi yaitali. Ine mumtima ndinkati avomera.

"Che Harun," anatero, "mukanangoima pampanda paja tsiku limodzi n'kunena kuti mayi, musakumbe pamenepo. Mawu atatu. Simukanataya kanthu. Ine za ine ndikanakukhululukirani, ngakhale za a Binali mwina. Koma za Asiyatu si zanga. Mwiniwake ndi iyeyo, ndipo pakamwa pamene akanakukhululukirani napo munapatseka ndinu. Mukadikire kumeneko. Tsiku lachiweruzo adzalankhula, mudzamupemphe yekha. Inenso ndidzakhala pamzere womwewo."

Anatuluka. Akazi a Che Harun anatitsatira m'khonde akulira, kuwagwira chitenje, koma iwo anamasula zala zawo chimodzichimodzi n'kupitiriza.

Che Harun anamwalira patapita masiku ochepa. Ndinkaganiza kuti kumaliro sapita, koma anavala mpango n'kunditenga. Anthu anali ambiri ndithu pabwalo la nyumba ku Cosmo City, poti zabwino zimene munthuyo anachitira anthu zinalinso zoona. Ife tinakhala kumbali ya amayi. Asananyamule jeneza, chonyamulira mtembo, ashehe anaimirira n'kufunsa monga mwa mwambo, ngati pali wina amene ali ndi mangawa ndi malemuwa, anene kapena akhululuke, m'bale wathu apite mopepuka. Anthu anayankha chapansipansi kuti takhululuka.

"Ine sindinakhululuke," anatero Abiti Maliki, osakuwa, koma aliyense anamva.

Ashehe anaweramitsa mutu. Anadikira pang'ono, mwina poganiza kuti wina awatonthoza kapena iwo asintha mawu. Amuna ananyamula jeneza n'kutuluka nalo pageti.

Pobwerera palibe mayi wa kwathu anafuna kukhala nafe mpando umodzi m'thakisi. Tinakhala kumbuyo awiriwiri. Titayandikira ku Marlboro ndinawafunsa ngati tsopano mtima wakhala pansi.

"Ayi," anatero. "Ndimayesa ukhala." Kenako anauza dalaivala kuti atitsitse pa shopu ya pakona, chifukwa kunyumba kunalibe mkaka wa phala la Asiyatu.